Mankhwala a M'munda Akalowa M'thupi la Munthu

Mukalowa m'nyumba zambiri kuno ku Phalombe, kaya ndi ku Migowi, ku Chiringa, ku Mpasa kapena ku Nambazo, simulephera kupeza mankhwala ophera tizilombo. Pali botolo la mankhwala opopera tomato lopachikidwa kudenga, paketi ya Actellic yotsala pothira chimanga, ndi kapepala ka mankhwala a makoswe kobisidwa kuseri kwa kabati. Ndife alimi, ndipo zinthu zimenezi timazifuna. Popanda izo anankafumbwe amagawana nafe chimanga, ndipo mbozi zimamaliza nandolo akadali m'munda. Koma chimene chimapha kachilombo chimathanso kupha munthu, nthawi zina m'maola ochepa chabe.

Kuyambira m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017, pamene mbozi zachilendo zodya mtima wa chimanga zinalowa m'dziko muno, kupopera kunafika ngakhale kwa alimi amene kale sankagwira sipuleya. Mbozizo zinavuta kwambiri moti mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Mbozi sizinachoke, ndipo mankhwala nawo anakhazikika m'misika ndi m'makomo. Ena amagulitsidwa m'masitolo ovomerezeka ali m'mabotolo awo. Ena amathiridwa m'timabotolo ta zakumwa kapena m'timapepala topanda dzina, n'kuyalidwa pansi tsiku la msika.

Ife amene timadzipereka pa ntchito ya zaumoyo m'mipingo timayenda m'makomo, ndipo funso limene timakumana nalo kawirikawiri ndi ili: munthu akamwa kapena akapuma mankhwalawa, tichite chiyani tisanafike kwa dokotala? Mayankho amene anthu ali nawo kale ndi ambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa mayankhowo ndi amene amamaliza wodwala.

Makomo atatu olowera poizoni

Khomo loyamba ndi pakamwa. Mwana wamng'ono amaona botolo la Fanta lili ndi madzi ooneka ngati mkaka, n'kumwa. Wina amatola timibulu takuda tosakanizidwa ndi nsima tomwe tinatcheredwa makoswe. Mlimi amapumira pakati pa ntchito n'kudya mbatata ndi manja omwe amasungunulira mankhwala, kapena amauzira ndi pakamwa kabowo ka sipuleya kakatsekeka. Palinso banja lonse limene limadwala chifukwa cha ndiwo zamasamba zothyoledwa mawa lake atazipopera.

Khomo lachiwiri ndi khungu, ndipo ili ndi limene ambiri timalipeputsa. Sipuleya yodontha imanyowetsa msana wa wopopera kuyambira m'mawa mpaka masana, malaya n'kukhala akumwetsa thupi mankhwala. Dzuwa likamawomba munthu akutuluka thukuta, khungu limayamwa msanga. Choopsa kwambiri ndi kupaka mankhwala a m'munda m'mutu mwa mwana pofuna kupha nsabwe, kuwapaka pa mphere, kapena kuwapopera pa mphasa ndi zofunda pothana ndi nsikidzi. Thupi la mwana ndi laling'ono, ndipo mlingo umene wamkulu angaupirire ungathe kumugwetsa.

Khomo lachitatu ndi mpweya umene timapuma: kupopera moyang'anizana ndi mphepo, kusungunula mankhwala m'nyumba yotseka, kapena kugona m'chipinda chimodzi ndi matumba a chimanga oikidwa mapilisi ophera anankafumbwe.

Chimene chimachitika m'thupi

Mankhwala ambiri amene amagwetsa anthu mwadzidzidzi ali m'magulu awiri. Gulu loyamba limatchedwa organophosphate, ndipo muli mayina monga dimethoate, chlorpyrifos ndi malathion. Gulu lachiwiri ndi carbamate, ndipo muli carbaryl komanso aldicarb, amene ndiye poizoni wa mu Temik, uja timangoti tameki. Mphamvu zawo n'zosiyana, koma onse amagwira thupi m'njira imodzi.

Mitsempha yathu imatumiza uthenga ku minofu, ku mtima, ku matumbo ndi ku tiziwalo topanga malovu ndi thukuta. Uthenga ukafika, thupi lili ndi kanthu kake kotchedwa cholinesterase kamene kamaufufuta kuti chiwalocho chipumule. Mankhwalawa amamanga kanthu kameneka. Zikatero uthenga umangolira osaleka, ngati mpopi wotsegulidwa umene chotsekera chake chathyoka. N'chifukwa chake munthu amene wamwa mankhwala a magulu awiriwa amanyowa paliponse. Zizindikiro zake ndi izi:

Malovu ambiri kapena thovu kukamwa, misozi, mamina ndi thukuta lochuluka ngakhale kukuzizira.

Kusanza, kupotokola m'mimba, kutsekula m'mimba ndi kudzikodzera.

Kamwana ka m'diso, kadontho kakuda ka pakati pa diso kaja, kamachepa kwambiri n'kukhala ngati nsonga ya singano, ndipo munthu amaona mwachimbuuzi.

Chifuwa chimalira ngati muli madzi, ndipo kupuma kumavuta.

Minofu ya kumaso, ya lilime kapena ya m'ntchafu imanjenjemera yokha, kenako thupi lonse limafooka.

Mtima nthawi zambiri umagunda pang'onopang'ono, munthu amasokonezeka mutu, amagwa ngati wakhunyu kapena kukomoka.

Nthawi zina zovala, masanzi kapena mpweya wa m'kamwa zimanunkha ngati adyo kapena palafini.

Chimene chimapha munthu kawirikawiri ndi kupuma. Mapapo amadzaza madzi amene thupi likutulutsa lokha, pamene minofu yopumira ikufooka. Munthu amamira ali pamtunda.

Tameki tiyenera kumutchula payekha. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limaika aldicarb m'gulu la mankhwala oopsa koposa onse. Anapangidwira kupha tizilombo ta m'nthaka m'minda, osati kutchera makoswe m'nyumba muli ana. Timibulu take ndi tating'ono, takuda kapena totuwa, tosavuta kusokoneza ndi njere za chakudya. Vutoli si lathu lokha. Mu Okutobala 2024, ku Naledi m'dera la Soweto ku South Africa, ana 6 anamwalira, ndipo atayeza anapeza kuti anadya poizoni wotchedwa terbufos, mankhwala a m'munda amene amagulitsidwa m'misewu ngati ophera makoswe. Amene muli ndi abale ku Joni muwauze zimenezi, chifukwa timapepala tomweto timapezeka kumenekonso.

Kodi ndi poizoni, kolera, malungo kapena khunyu?

Munthu akayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba nthawi ya mvula, ambiri timaganiza za kolera, makamaka tikakumbukira mliri wa 2022 ndi 2023. Kusiyana kwake kulipo. Wodwala kolera amauma: maso amalowa m'kati, m'kamwa mumauma gwa, ndipo amamva ludzu kwambiri. Wa poizoni wa magulu awiri aja amanyowa: dovu likutuluka, misozi ikutsika, chifuwa chikulira. Mwana wa malungo aakulu nthawi zambiri amakhala atatentha thupi tsiku limodzi kapena awiri asanayambe kukomoka, pamene wa poizoni amagwa mwadzidzidzi akusewera, thupi lisanatenthe. Wakhunyu akagwa amatsitsimuka pakapita mphindi zingapo, koma wa poizoni amangoipiraipira.

Palinso mafunso amene amathandiza. Kodi lero kunyumba kuno kunapoperedwa? Kodi anthu angapo adwala nthawi imodzi atadya limodzi? Kodi nkhuku, galu kapena mphaka wafa pabwalo? Kodi pali botolo lotseguka kapena kapepala kong'ambika pafupi ndi pamene mwana amasewera? Komabe musachedwe pakhomo pofuna kudziwa dzina la matenda. Matenda anayi onsewa njira yake ndi imodzi, ya ku chipatala. Kudziwa kusiyana kwake kumangothandiza kuti mukafotokoze bwino kwa achipatala.

Mphindi zoyamba

Choyamba, dzitetezeni. Musagwire masanzi kapena zovala zonyowa ndi mankhwala ndi manja osavala kanthu. Ngati mulibe magolovesi, valani majumbo m'manja. Ngati ngozi yachitikira m'chipinda, tsegulani zitseko ndi mawindo, ndipo tulutsani wodwala panja pa mphepo.

Chachiwiri, tumani munthu nthawi yomweyo kukafuna njinga yamoto kapena galimoto, inu mukupitiriza kuthandiza.

Chachitatu, ngati mankhwala ali pathupi, vulani zovala zonse zonyowa n'kuzimanga m'jumbo, kenako sambitsani wodwala ndi madzi ambiri ndi sopo, osaiwala tsitsi ndi zikhadabo. Musakhule khungu mwamphamvu. Ngati alowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera othira pang'onopang'ono kwa mphindi 15.

Chachinayi, ngati akuwodzera kapena wakomoka, mugonekeni chammbali, nkhope itayang'ana pansi pang'ono, kuti malovu ndi masanzi azituluka osalowa m'mapapo. Pukutani m'kamwa ndi kansalu. Akamaphiriphitha musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Ingochotsani zinthu zimene zingamuvulaze. Pa ulendo wonse akhalebe chammbali kapena mutu utaweramira kutsogolo, osati chagada.

Chachisanu, nyamulani botolo, paketi kapena kapepala kamene mukukaganizira, mutakamanga bwino m'jumbo. Ngati n'kovuta kunyamula, jambulani chizindikiro chake pa foni. Kumbukiraninso nthawi imene ngozi yachitika. Dzina la mankhwala ndi ola lake zimathandiza dokotala kuposa mawu ena onse amene mungalankhule.

Pitani ku chipatala chimene chili pafupi, ngakhale chaching'ono, chifukwa kumeneko angayambe chithandizo n'kuitanitsa ambulansi yopita ku chipatala cha John Chilembwe ku Migowi kapena ku Holy Family. Kaya ndi usiku, kaya ndi Sabata anthu ali m'kachisi, ulendowu susunthidwa. Pempherani muli m'njira.

Mkaka, mafuta, madzi a mchere ndi makala

Apa ndi pamene miyoyo yambiri imatayikira, chifukwa achibale amachita zimenezi mwachikondi.

Musamusanzitse. Kulowetsa chala kukhosi kapena kumwetsa madzi a sopo kumachititsa kuti masanzi alowe m'mapapo. Mankhwala ambiri amadzi amasungunulidwa m'mafuta ofanana ndi palafini, ndipo mafutawo akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa. Madzi a mchere wambiri nawo ndi poizoni paokha, makamaka kwa mwana.

Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena mazira aawisi. Ambiri tinakula tikumva kuti mkaka umapha poizoni. Mkaka supha poizoni aliyense wa m'munda. Ambiri mwa mankhwalawa amasungunuka m'mafuta, choncho chakudya chamafuta chingathe kuwathandiza kulowa m'magazi. Komanso munthu amene akuwodzera sangathe kumeza bwino, ndipo chilichonse chomwe mwamuthira m'kamwa chimalowera ku mapapo.

Za makala tiyenera kunena mosamala, chifukwa m'mabanja athu ambiri makala ndi mankhwala odalirika a m'mimba. N'zoona kuti achipatala amagwiritsa ntchito makala pa poizoni wina. Koma awo ndi makala okonzedwa mwapadera pa moto waukulu kuti akhale ndi timabowo tambirimbiri togwira poizoni, ndipo amathandiza kwambiri akaperekedwa mu ola loyamba kwa munthu amene ali maso ndipo akumeza bwino. Makala a pa mbaula osinja mumtondo alibe mphamvu yofanana ndi imeneyo. Nthawi yosinja, kusefa ndi kukakamiza wodwala kumwa ndi nthawi imene akanakhala ali pa njinga. Ndipo makala sangaumitse chifuwa chimene chayamba kale kudzaza madzi.

Zimene achipatala amachita

Dokotala sadikira zotsatira za magazi kuti ayambe. Amayang'ana m'maso, amamvetsera chifuwa, amayeza kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, n'kumva mbiri imene mwabwera nayo. Zizindikiro zija zikakhalapo, amayeretsa njira yopumira, amapereka mpweya wa okosijeni, amaika diripi, n'kuyamba jakisoni wotchedwa atropine. Atropine ndiye amatseka mipopi yonse ija. Amabayidwa mumtsempha, ndipo ngati pakatha mphindi 5 chifuwa sichinaume, mlingo umawonjezeredwa kawiri, n'kumapitiriza choncho mpaka chifuwa chitayera ndi mtima utayamba kugunda bwino. Choncho musadabwe kuona namwino akuthyola timabotolo tambiri ta mankhwala pa wodwala mmodzi. Sakulakwitsa. Ndi mmene poizoni ameneyu amagonjetsedwera.

Atropine akagwira, khungu limauma, kamwana ka m'diso kamakula, ndipo wodwala angathe kutentha thupi kapena kubwebweta. Achipatala amadziwa kuchepetsa mlingo zikatero. Wophiriphitha amapatsidwa diazepam. Kumene alipo, mankhwala ena otchedwa pralidoxime amaperekedwa pa poizoni wa gulu la organophosphate. Amene kupuma kwamukanika amafunika makina opumira, ndipo angatumizidwe ku chipatala chachikulu monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Pali chinthu chimodzi chimene odikirira odwala ayenera kudziwa. Munthu amene anamwa organophosphate angaoneke kuti wachira, akulankhula ndi kupempha phala, koma pakati pa tsiku loyamba ndi lachinayi minofu n'kuyambanso kufooka. Chizindikiro choyamba ndi kulephera kudzutsa mutu pa pilo, kenako kumeza ndi kupuma zimavuta. N'chifukwa chake achipatala amamusunga masiku angapo. Musaumirize kuti atuluke msanga pofuna kupulumutsa ndalama za chakudya kapena chifukwa ntchito ya kumunda yaima. Mukaona khosi likufooka, itanani namwino nthawi yomweyo.

Poizoni wina amabwera mwakachetechete

Si mankhwala onse amene amanyowetsa munthu. Mapilisi oika m'matumba a chimanga, a aluminium phosphide, akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa phosphine. Mpweyawu umadutsa m'thumba wamba n'kudzaza nyumba usiku anthu ali m'tulo. Kumutu kumawawa, anthu amasanza, chifuwa chimathina, kenako mtima umafooka. Poizoni ameneyu alibe jakisoni womuthetsa. Achipatala amangochirikiza thupi kuti lilimbane naye. Mapilisiwa ndi a anthu ophunzitsidwa, ogwira ntchito m'nkhokwe zazikulu zotsekedwa bwino. M'nyumba yogona anthu asalowemo.

Mankhwala ena a makoswe, aja amaoneka ngati timibulu kapena timadina tofiira kapena tobiriwira, amaletsa magazi kuundana. Mwana akadya amaoneka bwinobwino tsiku loyamba. Pakapita masiku awiri kapena kuposerapo m'pamene amayamba kutuluka magazi m'kamwa, m'mphuno kapena mumkodzo. Mankhwala ake alipo, ndi vitamini K, koma mwanayo apite ku chipatala tsiku lomwelo limene wadya, osadikira magazi.

Mwa mankhwala ophera udzu, paraquat ndi woopsa kwambiri. Amawotcha m'kamwa ndi kukhosi, kenako amawononga impso ndi mapapo m'masiku otsatira. Chithandizo chake n'chosiyana ndi cha ena aja, ndipo ichi n'chifukwa chinanso chonyamulira botolo. Mankhwala monga cypermethrin nthawi zambiri amangoyabwa ndi kutentha kumaso kapena kuyetsemulitsa akagwera pakhungu, koma womwa ayenera kuonedwa ndi dokotala basi.

Pamene munthu wamwa dala

Nkhaniyi ndi yowawa, koma kuibisa sikunapulumutsepo munthu. WHO imati mwa anthu asanu alionse amene amadzipha pa dziko lonse, mmodzi amagwiritsa ntchito mankhwala a m'munda. Ambiri mwa iwo sakhala atakonzekera kwa nthawi yaitali. Pamakhala mkangano wa m'banja, ngongole ya banki m'khonde, mbewu zokokoloka, mimba yosayembekezera kapena kulephera mayeso, ndipo pa ola la mdima limenelo botolo limakhala pafupi. Ola likadutsa, ambiri amafuna kukhala ndi moyo.

Dziko la Sri Lanka linaonetsa kuti kuchotsa poizoni pafupi ndi anthu kumapulumutsa. Boma la kumeneko linaletsa mankhwala oopsa kwambiri pang'onopang'ono, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse. Akatswiri amawerengera kuti miyoyo pafupifupi 93,000 inapulumuka, ulimi osagwa. Zimene dziko linachita, banja lingachitenso pakhomo pake. Ngati m'nyumba muli munthu amene wasweka mtima, akudzipatula, akumwa mowa mopitirira kapena akulankhula zotsanzikana, chotsani mankhwala onse mukasungitse kwa munthu wodalirika. Mufunseni mwachifatse ngati akuganiza zodzichotsera moyo. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira mpata wolankhula.

Ngozi ikachitika, uzani achipatala zoona. Banja likabisa chifukwa cha manyazi n'kunena kuti ndi malungo, mphindi zofunika zimatayika. Wodwala akachira asalandiridwe ndi milandu ndi zitonzo. Akufunika kumvetseredwa, komanso kuonana ndi achipatala oona za matenda a maganizo, amene amapezeka pa chipatala cha boma. Akulu a mpingo, atsogoleri a amayi a Dorika ndi a achinyamata, kuyendera munthu wotereyu mobwerezabwereza ndi kusunga chinsinsi chake ndi mankhwala aakulu.

Pamene si poizoni: matenda obadwa nawo

Pali ana ena amene amadwala ngati adyetsedwa chiphe pamene palibe wawadyetsa kanthu. Thupi la munthu lili ndi tinthu tambirimbiri togaya chakudya ndi kuchotsa zotsalira zake m'magazi. Mwana angabadwe kamodzi mwa tinthu timeneti kakusowa kapena kali kofooka, potengera kwa makolo.

Vuto lofala kwambiri la mtunduwu limatchedwa kuchepa kwa G6PD. Anthu pafupifupi 400 miliyoni pa dziko lonse ali nalo, ndipo limapezeka kwambiri kumadera a malungo monga kwathu kuno, makamaka mwa ana aamuna. Ambiri amakhala moyo wonse osadziwa. Koma akakumana ndi zinthu zina, magazi awo amasweka mwadzidzidzi. Chimodzi mwa zinthuzo ndi timipira toyera tonunkha ta naphthalene, tija timaika m'sutikesi kuti njenjete ndi mphemvu zisadye zovala. Khanda lovekedwa zovala zosungidwa ndi timipirati, kapena mwana amene watafuna kamodzi poganiza kuti ndi switi, angayambe kuyera m'manja ndi m'zikope, maso kuchita chikasu, ndi kukodza mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mankhwala ena monga primaquine ndi dapsone amachitanso chimodzimodzi. Mwana wotere apite ku chipatala msanga, chifukwa angafunike kuwonjezeredwa magazi. Akapezeka ndi vutoli lilembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndipo muzilitchula nthawi zonse polandira mankhwala. Zovala za khanda zisasungidwe ndi timipira timeneti.

Pali matenda ena osowa kwambiri amene amaoneka m'masiku oyamba a moyo. Khanda limabadwa bwinobwino n'kuyamba kuyamwa, koma pakapita masiku ochepa limakana bere, limasanza, limangogona, limapuma mofulumira kapena kuphiriphitha, ndipo nthawi zina mkodzo kapena thupi limamveka fungo lachilendo. Chimene chikuchitika n'chakuti thupi likulephera kugaya mbali ina ya chakudya, ndipo zotsalira zikuunjikana m'magazi. Achipatala amayamba ndi kufufuza zinthu zofala, monga tizilombo m'magazi ndi kutsika kwa shuga, chifukwa zizindikiro zake n'zofanana. Chimene chingawatsegule maso ndi mbiri ya banja. Ngati munatayapo khanda lina m'njira yomweyo, kapena ngati bambo ndi mayi ali pa chibale, nenani. Zimenezi zingachititse kuti mwana atumizidwe msanga kwa madokotala a ana ku Queen Elizabeth. Ena mwa matendawa amachepetsedwa ndi chakudya chosankhidwa mwapadera, koma musasiyitse mwana bere pokhapokha dokotala atanena.

Pa matenda ambiri otere, bambo ndi mayi onse awiri amakhala atanyamula mbewu ya vutolo iwo ali bwinobwino, ndipo pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nalo. Si kulakwa kwa mayi, si mkaka wake woipa, ndipo si agogo a kuseri kwa nyumba amene alodza. Mabanja atha ndipo okalamba azunzidwa chifukwa cha imfa za makanda zimene gwero lake linali m'magazi a makolo onse awiri.

Kutseka khomo ngozi isanalowe

Malamulo a dziko lino a chaka cha 2000 anakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene lili ku Bvumbwe, kuti lizivomereza mankhwala ndi ogulitsa ake. Gulani kwa wogulitsa amene ali ndi chiphaso, mankhwala ali m'botolo lake lomata bwino ndi chizindikiro chowerengeka. Cha m'munsi mwa chizindikirocho mumakhala mzere wa mtundu: wofiira ndi wa mankhwala oopsa koposa, kenako wachikasu, wabuluu, ndi wobiriwira. Pamene pali mankhwala a mzere wobiriwira kapena wabuluu ogwira ntchito yomweyo, sankhani amenewo. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuuzeni oyenera ndi mlingo wake. Gulani okwanira ntchito ya nthawi imeneyo kuti pasakhale otsala ogona m'nyumba.

Sungani mankhwala m'bokosi lokhoma ndi loko, kunja kwa chipinda chogona ndi kutali ndi ufa. Musawathire m'botolo la zakumwa ngakhale kwa tsiku limodzi. Botolo likatha litsukeni katatu, madzi otsukirawo muwathire mu sipuleya, kenako libooleni kuti wina asadzatungire madzi kapena kusungiramo mchere ndi mafuta. Musatsukire sipuleya mumtsinje kapena pa mjigo. Madzi a mitsinje yathu monga Phalombe ndi Sombani ndi omwe anthu akumunsi amamwa, ndipo nsomba zake ndi zomwe timadya.

Popopera valani malaya a manja aatali, buluku, nsapato zotseka, magolovesi ndi chotchinga pakamwa ndi mphuno. Poperani m'mawa kapena madzulo mphepo ili bata, ndipo ikamawomba ikhale kumbuyo kwanu. Mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi ana asagwire ntchitoyi, ndipo mwana asakhale kumbuyo kwa mayi amene akusungunula mankhwala. Mukamaliza sambani ndi sopo musanadye, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Werengani masiku amene chizindikiro chikunena kuti adutse musanakolole, ndipo muwasunge ngakhale mitengo ya tomato itakwera pa msika. Amene akagule tomatoyo ndi mnansi wanu. Pa nsomba zouma ndi zakudya zina zogulitsa, mankhwala a m'munda asayandikire n'komwe.

Njira zochepetsera mankhwala ziliponso. Matumba osalowa mpweya a PICS amasunga chimanga ndi nandolo popanda kuthira kanthu, bola mbewu zikhale zouma bwino ndipo thumba limangidwe mothina. Makoswe amachepa ndi misampha, mphaka, kutseka mauna ndi kusesa zotsalira za chakudya. M'munda waung'ono, kuyendera chimanga kawiri pa sabata n'kuphwanya mazira ndi timbozi tikadali tating'ono kumachepetsa kupopera.

Tikupempha banja lililonse kuti sabata ino lichite zinthu zitatu. Yendani m'nyumba monse, kudenga, pansi pa bedi ndi kuseri kwa kabati, musonkhanitse mankhwala onse. Opanda dzina musawagwiritsenso ntchito, ndipo funsani alangizi a zaulimi kapena a zaumoyo za katayidwe kake. Lembani pakhoma nambala ya foni ya wa kabaza wodalirika ndi ya mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Pomaliza, pa nthawi ya mapemphero a madzulo, khalani pansi ndi ana ndi onse a m'nyumba muwaphunzitse mawu ochepa awa mpaka awaloweze: osasanzitsa, osamwetsa kanthu, kugoneka chammbali, kunyamula botolo, kuthamangira ku chipatala.